Bokosi la a Mubweremawa

Magazi akalowa m'simenti satuluka ndi sopo. Mayi anali atagwada m'kashopu ka malemu amuna awo, akukwecha pansi ndi bulashi ya waya, pamene chitseko chinamenyedwa ndi phazi n'kukagunda khoma. Sanacheuke. Pabanja lawo lonse, wotsegula chitseko ndi phazi anali mmodzi yekha.

"Kiyi wa bokosi, amayi."

"Ukuponda poti ndakwecha kale."

Mafupa anapondabe. Dzinali anamupatsa ali mwana chifukwa chowonda, koma tsopano linangokhala loseketsa, poti matumba amene ankanyamula ku depoti anamutukumula mapewa mpaka pakhomo ankalowa chammbali. Kumbuyo kwake kunali bambo ake aang'ono, mng'ono wa malemu, akadali m'jekete lomwe anavala tsiku loika maliro. Onse awiri ankamveka fungo la mowa, madzi a tiyi asanawire n'komwe.

Malemuwo ntchito yawo inali yonola: mipeni ya m'malo odyera, masizasi a matelala, nkhwangwa, zikwanje. Chonolera chawo chinali mwala wozungulira womangiriridwa ku njinga yakale yopanda matayala, wina akupalasa pa chishalo, iwo akunola. Msewu wonse unkawatcha a Mubweremawa. Munthu akabwera ndi chitsulo chake, iwo ankayamba ayang'ana manja ndi maso a munthuyo, chitsulo pambuyo. Akaona manja akunjenjemera, milomo itauma, munthu akupuma ngati wathamangitsidwa, ankalandira chitsulocho mwaulemu n'kuchiponya m'bokosi lachitsulo kunsi kwa thebulo. Kenako ankati, "Mubwere mawa." Wokana kuchoka ankamukhazika pa chishalo kuti awapalasireko pang'ono, mpaka mkwiyo utuluke ndi thukuta. Ena ankabweradi mawa lake, akuseka mwamanyazi, n'kumati amangofuna kukasadza mpanda. Ambiri sankabweranso.

Sabata yathayi kunabwera wamatayala wa pamphambano, atanyamula chikwanje. Wina anali atamunong'oneza kuti mkazi wake akuyenda ndi mwamuna wina, ndipo msewu wonse unamumva akukuwa kuti mkaziyo amudula nthulinthuli. A Mubweremawa analandira chikwanjecho n'kumuuza zomwe ankauza aliyense. Wamatayala anakana kukhala pa chishalo, anatukwana, anamenya thebulo n'kuchoka. Anabweranso chakumasana, atanyamula chitsulo chochotsera matayala. Telala wa khomo loyandikana anamva mawu ochepa chabe kudzera pakhoma: wina akufuna chikwanje chake, wina akuyankha kuti mawa. Kenako phokoso ngati la dzungu logwa kuchokera padenga. Anawamenya m'mutu, atagwa anawamenyanso kumaso, ndi kunthiti. Kiyi anali m'thumba mwawo, koma wamatayala sanapeze mpata wopisamo chifukwa anthu anali atayamba kuthamangira kumeneko. Anathawa. A Mubweremawa anakwawa mpaka pakhomo, n'kutsirizikira pomwepo. Mpaka tsopano apolisi anali akumufunabe munthuyo.

Mafupa ananena zomwe ankafuna mosapita m'mbali. Chikwanje chija chikadali m'bokosi. Iye achitulutsa, achinola pa mwala wa bambo ake, ndipo mwini wake akangopezeka achilandira, poti anachifunitsitsa. Chitsulo china sankachifuna. Komanso akanachipeza kuti? Tsiku lomwe mtembo unabwera, Mayi anasonkhanitsa mipeni yonse ya kukhitchini n'kuiponya m'bokosimo kudzera pa kabowo ka pamwamba, moti kunyumba anyezi ankadula ndi chivindikiro cha chitini.

"Alamu," anatero bambo aang'ono, "magazi a mkulu wanga sangangotayika choncho ngati a mbuzi."

"Magazi a mkulu wanu ali mu ndowamu. Ngati mukuwafuna nyamulani, koma ndowayo mundibwezere."

Mafupa anati mapemphero ndi amene anapha bambo ake. Telala, yemwe anali woyamba kulowa tsiku lija, anali atafotokozera aliyense kuti nyundo inali pathebulo pomwepo, poti dzanja likanafika, koma malemu sanaikhudze. Munthu wamphamvu zake kufa manja ali lende, ngati nkhuku yomangidwa miyendo, msewu wonse ukudziwa. Ku depoti anzake amuyang'ana bwanji iyeyo, mwana wa munthu wotero, akangokhala chete?

Mayi sanawaikire kumbuyo amuna awo. Nawonso anali atawakwiyira, kungoti analibe kowakalipira. Zaka zonsezi ankakangana nawo za bokosi lomwelo. Makasitomala ankathawira kwa wonola wa kumsika, amene safunsa munthu kanthu. Mafuta a makina ankathera pa zitsulo za anthu osabweranso, chifukwa Loweruka lililonse malemu ankatsegula bokosi n'kupukuta chitsulo chimodzichimodzi, milomo ikugwedera, kupempherera mwini wake. Pamaliro abusa ananena kuti m'bale wathuyu wamaliza ntchito yake bwino. Mayi anangoyang'ana nsapato za abusawo, zopolishidwa bwino. Kumaliza bwino n'kosavuta kunena ngati sunakatole mano a mwamuna wako kunsi kwa thebulo.

Koma Mayi ankadziwanso china chimene Mafupa anachiiwala, kapena ankadziiwalitsa. Iwo anakwatiwa ndi chilombo. Dzino lam'mbali limene analibe silinachoke ndi dokotala. Mafupa ali kamwana ankagona kunsi kwa bedi bambo ake akabwera ataledzera, ndipo Mayi ankachita kumukoka mwendo m'mawa kuti atuluke. Chipsera chimene bambo aang'ono anali nacho, chochokera pachigongono mpaka pafupi ndi chikhatho, chinali ntchito ya mkulu wawo yemweyo. Anawang'amba ndi mpeni pa mkangano umene palibe ankaukumbukiranso mutu wake. Tsiku limenelo malemu anabereka okha mng'ono wawo kupita naye kuchipatala, ndipo pochokera kumeneko analowa m'tchalitchi malaya ali magazi okhaokha. Sanabwereko ndi nyimbo kapena ulaliki. Mawu awo anali oipa poimba, ndipo kuwerenga kunkawavuta. Anangobwera n'kuwotcherera bokosi lachitsulo, loko wake wamkulu, kabowo kakatali pamwamba. Mpeni woyamba kulowamo unali wawo. Ankati ena Ambuye anawapatsa guwa, koma iwo anangowapatsa tsiku limodzi loti aziliika pakati pa mkwiyo wa munthu ndi mpeni wake. Kuchokera pamenepo sanakwezerenso munthu dzanja, ngakhale galu.

Bambo aang'ono sanakondwere nako kusinthako. Ankati mkulu wawo weniweni anali wakale uja, woti akalowa m'bala anthu amatuluka pawindo. Chipsera chawo ankachionetsa kwa anthu ngati mendulo.

Mafupa ataona kuti amayi ake abwerera ku bulashi, anatola nyundo ija n'kuyamba kumenya loko. Phokoso linadzaza kashopu konse, fumbi likugwa kuchokera kudenga. Loko sanagonje. Malemu anapanga bokosilo kuti lipirire anthu ngati iyeyo.

Phokosolo ndi limene linachititsa kuti asamve kugogoda. Anangoona mthunzi pakhomo. Anali Mzime, mlongo wake wa Mafupa, atanyamula ketulo ndi makapu, ndipo pambali pake panali mzimayi wamng'ono thupi, diso limodzi lotupa mpaka kutsekeka, mlomo wong'ambika. Mzime anati mayiwa anafika kunyumba kudzafuna amayi, ndiye wangobwera nawo. Iye sankamudziwa mlendoyo. Mafupa ankamudziwa. Anali mkazi wa wamatayala.

Mzimayiyo anagwada pasimenti yonyowayo, osasamala kuti diresi likuda. Anati kumaliro sanabwere chifukwa cha mantha, koma chiyambireni sakupeza tulo. Anati za mwamuna wina zija zinali zabodza, ngakhale kuti zimenezo tsopano zilibe ntchito. Mawu ake ankatuluka pang'onopang'ono chifukwa cha mlomowo.

"Chikwanje chija chinali chodzadulira ine, amayi," anatero. "Khosi lake ndi ili. Ndabwera kuti mulione."

Mafupa analiona. Anaponya nyundo pansi, analigwira khosilo ndi dzanja limodzi, anamudzutsa mzimayiyo ngati thumba lopanda kanthu n'kukamugunditsa kukhoma. Mafayilo ndi mapulayazi amene ankapachikidwa pamisomali anagwa wakawaka. Mapazi a mzimayiyo anasiya kugunda pansi.

"Ali kuti?"

Bambo aang'ono anadzera kumbali n'kumuwomba mbama patsaya lotupa lomwelo, akunena kuti hule ameneyu ndi amene wadyetsa mkulu wawo dothi. Ketulo inagwa m'manja mwa Mzime, tiyi n'kuyenderera kukasakanikirana ndi madzi a sopo. Mayi anadzuka, mawondo akulira, n'kuyamba kumenya dzanja la mwana wawo ndi bulashi ya waya. Waya unasiya mizere yofiira pakhungu, magazi anayamba kutuluka, koma zala sizinamasuke. Lilime la mzimayi uja linayamba kuonekera, diso labwino lija likutembenuzika. Mayi anataya bulashi, ananyamula ndowa ndi manja awiri n'kumukhuthulira Mafupa pamutu.

Madziwo anali ofiirira, onunkha sopo ndi chitsulo. Analowa m'maso, m'mphuno, m'kamwa. Mafupa anadziwa chimene chinali m'madzimo. Anamasula dzanja n'kuyamba kulavula.

Mzimayi uja anagwa chogwada, akutsokomola ngati afuna kusanza mapapo. Palibe anamufunsanso, koma ananena yekha, mawu ali sasasa. Mwamuna wake akubisala m'chibasi chakutha kuseri kwa galaja. Iye wakhala akumupititsira chakudya, chifukwa anamuuza kuti akangotsegula pakamwa ayambira ana. Diso ili ndi la dzulo, chakudya chinachedwa. Kupolisi ankaopa kupita yekha, poti anzake a mwamunayo amamuona kulikonse kumene wapita. Chimene anadzera kwenikweni n'chakuti auze Mayi, kuti apiteko ndi wina.

"Mzime, wamva," anatero Mayi. "Kupolisi, osati kwina. Makapuwo asiye."

Bambo aang'ono anatambasula mkono kuti atseke khomo, koma mowa unawachedwetsa. Mzime anadzera kunsi kwa mkonowo n'kuliyatsa liwiro.

Mafupa anapukuta kumaso ndi chikhatho. Anaona bwino lomwe zimene amayi ake achita. Munthuyo akangolowa m'manja mwa apolisi ndiye kuti wapulumuka, azikadya ndi kugona kuseri kwa mpanda, iye akumuyang'anira patali. Kupolisi kunali kotalikirapo kuposa kugalaja, koma osati kwambiri. Maso ake anatsikira pakhosi pa amayi ake, pamene chingwe cha kiyi chinkaonekera pamwamba pa bulauzi.

Sanapemphenso. Analowetsa zala kunsi kwa chingwecho n'kukoka. Chinali cha nayiloni, sichinaduke msanga. Chinayamba chadula khungu kumbuyo kwa khosi, Mayi akukokedwa ngati mbuzi yokana kuyenda, manja awo akukanda dzanja lake. Chitaduka anagwa chammbali, chigongono chinamenya simenti, pakamwa panagunda pedulo ya njinga. Anakhala pansi pompo, akumva kukoma kwa mchere m'kamwa. Anakudziwa kukomako. Panali patapita zaka zambiri, koma lilime silinaiwale.

Bambo aang'ono anaseka. Anati ameneyu ndiye mkulu wawo ndithu, wakale uja, wadzuka.

Mafupa anakokera bokosi poyera, ndipo loko anatseguka mosavuta. Chivindikiro chitakwera, munatuluka fungo la mafuta. Mafupa ankayembekeza dzimbiri, koma zitsulo zonse zinali zonyezimira, zosanjikizana mpaka pafupi ndi pamwamba: mipeni yaikulu ndi yaing'ono, tinkhwangwa, zikwakwa, sizasi yometera, ngakhale supuni imene wina anayamba kuisongola kunsonga. Anakankhira pansi mipeni ya kukhitchini ndi ina yambiri, ikulira pasimenti, mpaka anapeza chikwanje chija. Anayesa kukamwa kwake ndi chala. Chinali chobuntha ngati m'mphepete mwa mbale.

Anauza bambo ake aang'ono kuti akwere pa chishalo. Iwo anakwera, jekete likukoka m'khwapa, n'kuyamba kupalasa mokhotakhota. Mwala unayamba kuzungulira. Koma Mafupa ntchito ya bambo ake sanaiphunzire. Ankati ndi ntchito ya anthu opempha, iye ndi wamphamvu zake. Anakanikiza chikwanje pamwala ngati akukankha lole, chitsulo chinadumpha, moto unathetheka n'kumuwaza kumaso. Anayesanso, chinadumphanso n'kutsala pang'ono kudula bondo la wopalasayo. Kachitatu tcheni chinagwa, mwala unayenda pang'ono wokha n'kuima.

"Basi," anatero Mafupa. "Chobuntha chimaphanso. Chimangochedwa."

Atatembenuka anapeza pakhomo pali munthu. Mayi anali atadzuka osamveka, n'kukaima pakati pa khomo, pa banga lakuda lija limene bulashi inalephera, pamene amuna awo anatsirizikira. Magazi ankatsika kuchokera pamlomo n'kumadontha pa bulauzi. Dzanja limodzi linagwira felemu ya chitseko.

"Ubwere mawa," anatero.

"Amayi, chokani."

"Sindikulalikira, ndatopa. Mwamuna ndaika kale. Sindikufuna kumakuyendera kundende ndi chakudya m'kontena mpaka tsiku langa lakufa. Bambo ako anamuuza mnzako uja mawu omwewa, iye anapeza njira yodutsira. Njira yake ndi yomweyo, inanso palibe. Dutsa."

Mafupa anati asamuyese. Anati awanyamula n'kuwaika pambali ngati mpando. Mayi anamuuza kuti ayese, koma adziwe kuti amugwira mwendo, ndipo awakoka pamsewu wonse mpaka kugalaja anthu akuona, kapena adula dzanjalo kuti limusiye. Analankhula ngati akumuuza za zovala zoti achape. Mzimayi uja anali atadzipanikiza pakona, manja ali kumutu.

Chikwanje chinakwera. Mafupa anali wamtali, moti nsonga ya chikwanjecho inakhudza malata. Mitsempha ya m'khosi mwake inatupa, madzi ofiirira aja akutsikabe kuchokera m'tsitsi, mpweya ukutuluka m'mphuno ngati wa ng'ombe. Manja ankanjenjemera, milomo itauma gwa. Mayi anaziona zonsezi, monga momwe amuna awo akanazionera. Sanatseke maso. Pemphero limene linabwera silinali lokongola ngati la kutchalitchi. Mumtima anangoti, Ambuye, gwirani dzanja ili, ine landikanika.

Kuseka kwa bambo aang'ono kunali kutatha. Anali akadali pa chishalo, dzanja lawo litagwira chipsera chija osadziwa.

"Iwe," anatero chapansipansi, "amayi ako amenewo."

Chikwanje chinatsika. Chinamenya felemu, pafupi ndi khutu la Mayi, mwamphamvu moti khoma linanjenjemera. Chinakweranso n'kutsikanso pomwepo. Mafupa anatema felemuyo mobwerezabwereza, akubuula ngati nyama yolasidwa, tizidutswa ta thabwa tikuuluka n'kumagwera m'tsitsi mwa amayi ake. Chitsulo chobunthacho sichinkadula, chinkangophwanya ndi kubwerera, kugwedeza mkono wake mpaka m'phewa. Dzanja la Mayi linali pa felemu yomweyo, m'munsi pang'ono. Sanalichotse. Thabwa linang'ambika kuchokera pamwamba, chitseko chinapendekeka n'kutsala pa hinjesi imodzi. Pamenepo zala za Mafupa zinachita dzanzi, chikwanje chinapulumuka n'kugwa pansi. Iye anabwerera m'mbuyo, anagunda thebulo, n'kukhala pansi m'madzi muja miyendo ili tambalala.

Panja anthu anali atayamba kusonkhana, telala ali patsogolo ndi tepi yake m'khosi, koma palibe analimba mtima kuyandikira.

Bambo aang'ono anatsika pa njinga mwakachetechete. Anafika pakhomo osakweza maso. Mayi anapatuka pang'ono.

"Inu mutha kudutsa, alamu. Mukavule jeketelo, layamba kununkha."

Atapita, Mayi analavula magazi panja, anauza anthu aja kuti kuno kulibe filimu, n'kukankha chitseko chopendekekacho. Anawerama pa njinga n'kubwezeretsa tcheni ndi zala, monga ankachitira nthawi zonse chikagwa. Pathebulo panali masizasi a telala amene malemu analonjeza kuti anola tsiku lomwe lija. Mayi anawatenga. Zaka zonse zimene anapalasira amuna awo, maso awo sankagona, ntchitoyi ankaidziwa.

"Kwera," anatero. "Masizasi a eni ake awa."

Mafupa anawayang'ana ngati sanamve. Kenako anaona mzere wofiira umene chingwe chinasiya m'khosi mwawo, ndi mlomo umene unali utayamba kutupa. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma Mayi anamuuza kuti zimenezo akambirana atadya, panopa akwere. Anakwera. Chishalo chinalira ndi kulemera kwake. Anayamba kupalasa mwaukali, mwala ukulira ngati ufuna kuthothoka, mpaka Mayi anamukalipira kuti achepetse, sakuthawa munthu. Anachepetsa. Mayi anagoneka sizasi pamwala mopepuka, moto ukuthetheka pang'onopang'ono kulowera pansi. Thukuta linayamba kutsuka madzi ofiirira aja kumaso kwa Mafupa. Patapita nthawi sichinalinso thukuta lokha, koma Mayi anayang'ana sizasi, poti munthu wonola sayang'ana kumbali.

Mzimayi uja, osauzidwa ndi munthu, anayamba kutola mipeni imene inamwazika pansi. Uliwonse ankaupukuta pa diresi lake n'kuubwezera m'bokosi. Ankatsokomolabe, ndipo zala za Mafupa zinali zitadinda khosi lake lonse.

Mzime anabwera dzuwa lili pamutu, akupuma wefuwefu. Anaima pakhomo n'kuyang'ana felemu yophwanyikayo, kenako mlomo wa amayi ake, kenako mchimwene wake pa njinga. Sanafunse. Anangoti apolisi amutenga wamatayala uja. Anamupeza akugona pampando wakumbuyo wa chibasi chija, ndipo potuluka ankalira, kuwapempha apolisi kuti asamupereke kwa anthu. Mapazi a Mafupa anaima pa mapedulo. Mwala unayenda wokha kanthawi. Mayi anadikira, sizasi ili m'manja. Mapazi aja anayambanso kupalasa.

Chomaliza kutoledwa chinali chikwanje. Mzimayi uja anachinyamula ndi zala ziwiri ngati chotentha, koma asanachiponye m'bokosi anaima n'kuchitembenuza.

"Sichinali chonchi pochoka kunyumba," anatero.

Anati chogwirira chake chinali chong'ambika pakati, chomangidwa ndi mphira ya chubu, ndipo chinkagwedera munthu akamatema nacho. Mayi anaika sizasi pansi n'kulandira chikwanjecho. Chogwirira chinali chatsopano, thabwa loyera losalazidwa bwino, lokhomedwa ndi timisomali tiwiri tophwanyidwa mitu mosamala kuti tisabaye chikhatho. Ndi chifukwa chake sichinaguluke pa felemu paja. Kukamwa kokha ndi kumene sikunakhudzidwe.

Mayi anayang'ana pathebulo. Pakona, pamene m'mawa wonse ankangopalambalala ndi nsanza, panali mphira ija itakulungidwa bwinobwino, pambali pake tizidutswa tiwiri ta chogwirira chakale ndi tinyenyeswa ta thabwa. Munthu uja atachoka akutukwana, amuna awo anatsegula bokosi, anatulutsa chikwanje chake n'kukhala pansi kumukonzera, kuti akadzabwera mawa mtima uli m'malo adzachipeze chili bwino.

Anapita nacho kwa Mafupa. Anagwira chala chake chachikulu, chimene chinali chikadali ndi mizere ya bulashi, n'kuchiyendetsa pamitu ya timisomali tija.

"Nyundo ija inali ya zimenezi," anatero.

Mafupa anasiya kupalasa. Chala chake chinakhala pomwepo nthawi yaitali, chikusisita.

Mayi anatenga kansanza ka mafuta pamsomali pamene kankakhala, anakhala pa bokosi, n'kugoneka chikwanje pamiyendo. Silinali Loweruka, ndipo mwini chitsulocho sankafuna n'komwe kumuganizira. Anayamba kupukuta kuchokera kuchogwirira kutsikira kunsonga. Milomo yawo yotupayo inayamba yakana, kenako inayamba kugwedera.